Nthungululu pa Ayisi

Braunstone,
Leicester.
17 Febuluwale, 2025.

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ndipo mwendo uja ukuchira. Ife kuno tili bwino, kungoti mawu anga asasa, moti ndikanaimba foni mukanayesa kuti akulankhula ndi apongozi anu a Sosten. N'chifukwa chake ndalemba. Valani magalasi, mukhale pansi bwinobwino.

Nkhani ndi ya mdzukulu wanu Tionge, uja mumati ndi mzungu wakuda chifukwa mukamulankhula amayankha m'Chingerezi. Mukudziwa kale kuti amachita mpikisano wa liwiro pa ayisi atavala nsapato za mipeni kunsi kwake, paja munandikalipira kuti ndine mayi wanji wolola mwana kuyenda pa mipeni. Eya, mipeniyo yamufikitsa patali. Anamusankha m'timu ya atsikana yoimira dziko lino, ndipo Loweruka lapitali kunali mpikisano wa mayiko ku Nottingham, mzinda woyandikana ndi wathu.

Lachisanu ndikusita chitenje choti ndikavale, mwana anadzaima pakhomo. "Mum, please," anayamba choncho, n'kupitiriza m'Chingerezi chakecho kuti mawa ndisakayerekeze kuimba nthungululu. Akuti poyambira pamafunika bata kuti amve kulira kwa mfuti, komanso akuti anzake sangamvetse.

Amayi, zinandiwawa. Za mfutizo ndinazimvetsa, koma za anzakezo ndi zimene zinandilasa. Ine mwana wanu, wobadwa kwa inu amene maukwati a ku Ntcheu sankakoma popanda kholingo lanu! Ine amene zaka zonsezi ndimachoka ku shifiti yosambitsa okalamba n'kukwera naye mabasi m'chisanu kuti akaphunzire masewerawa! Ndinadzifunsa kuti kodi mwanayu ndimamuchititsa manyazi? A Sosten anati, "Ingomverani, make Tionge, tsikuli ndi lake." Ndinalonjeza, koma chitenje chija ndinachibweza m'sutikesi.

Malowo ndi chinyumba chachikulu chozizira ngati fuliji ya m'butchala. Anthu anali thothotho, mbendera paliponse. Pambali panga panakhala mkulu wina wansangala dzina lake Harry, atadzipaka utoto kumaso ngati alibe adzukulu, ndipo anandipatsa kambendera ka dziko lino. Ndinalandira mwaulemu n'kukaika pamwendo. Inu mukudziwa, ine ndimati dziko lino n'la eni ake, ife tinangobwera kudzagwira ntchito.

Mpikisano wake unali wopatsirana, atsikana anayi pa timu. Sapatsana kamtengo ngati kusukulu kwathu ayi. Wina akatopa amamukankha mnzake m'mbuyo ndi manja awiri, mnzakeyo n'kuuluka. Musaseke, ndi mmene amachitira. Woulutsa mawu anatchula mayina, ndipo atafika pa mdzukulu wanu analipotoza dzina mpaka linamveka ngati "Tayonji". Koma anawonjezera kuti, "Mwana wakwathu uyu, wa pompano pa Leicester!" Nyumba yonse inagwedezeka. Ndinacheuka uku ndi uku, anthu oti sanamuonepo akukuwa dzina la mwana wanga, aliyense kulipotoza mwakemwake.

Kunagwa bata, mfuti inalira. Atsikana a ku Holland anatsogola, a ku Italy pambuyo pawo, athu achitatu. Mwamva? Ndati athu. Sindikudziwa kuti kambendera kaja kanachoka nthawi yanji pamwendo, ndinangoona kali m'mwamba ndipo dzanja lokagwira ndi langa.

Chakumapeto, mnzake Phoebe anamukankha Tionge kuti amalize. Mayo ine! Mwana anapendekeka pakona mpaka zala kukhudza ayisi, n'kumudutsa wa ku Italy. Nthungululu inakwera mpaka pakhosi, ine n'kuluma mpango. A Sosten, aja ondilangiza za bata, anali ataimirira akukuwa, "Mudutse! Mudutse iwe!" Pakona yomaliza Tionge anazungulira chakunja, n'kufanana ndi wa ku Holland uja, ndipo pamzere anatambasula mwendo. Anapambana ndi nsonga ya mpeni womwe munkaudandaula uja.

Anthu anapenga. Harry anakumbatira a Sosten ngati abale. Ine ndinangokhala duu, mpango m'kamwa, misozi ili chuchuchu. Ndinali wonyada kuposa tsiku lina lililonse m'moyo wanga, komabe ndinali nditalonjeza.

Atsikana anayamba kuzungulira bwalo atafunda mbendera. Atafika kumunsi kwa pomwe tinakhala, Tionge anaima, anavula chisoti, n'kuika dzanja kukhutu. Ine ndinangomubayibitsa. Anapukusa mutu. Kenako pamaso pa anzake omwe aja, pamaso pa khamu lonselo, anakuwa:

"Amayi! Lululu ali kuti?"

Chichewa chokhota, inde, koma Chichewa! Ndinataya mpango uko n'kuitulutsa nthungululu. Amayi, ndinaitulutsa yanu ija, yaitali, yonjenjemera kumapeto. Anthu anatembenuka n'kuyamba kuwomba m'manja. Kutsidya kwa bwalo mayi wina, kaya wochokera dziko liti, anandiyankha ndi yake. Phoebe anadumphadumpha akuloza kuti ndibwereze, ndinabwereza. Naye Harry anayesa, koma zinangomveka ngati nkhuku yogwidwa mwendo.

Atawaveka mamendulo a golide anaimba nyimbo ya fuko ya dziko lino. Mawu ake sindiwadziwa bwino, koma ndinaimirira nganganga, ndikulira. Musandiimbe mlandu. Kwathu ndi ku Malawi, koma kunonso n'kwawo kwa mwana wanga, ndipo Loweruka eni ake ananena okha.

Pobwerera m'galimoto anandiuza kuti atadutsa pamzere anamva anthu zikwizikwi, koma khutu lake linkasaka mawu amodzi ndipo sanawapeze. Kenako akuti, "Inetu ndinaletsa poyambira pokha." Bodza lenileni! Koma sindinamutsutse. Panopa akuti ndimuphunzitse, moti anzathu oyandikana nawo nyumba avutika kale.

Mundiperekere moni kwa achimwene ndi alamu, ndiponso kwa amayi anzanu a chigwirizano. A Sosten akupereka moni. Tionge wati ndilembe kuti, "Agogo, ndapambana," ndipo mawu awiriwa wawatchula yekha, osakhota.

Pomaliza, Amayi, ndili ndi pempho. Tsiku limene mwanayu anabadwa m'chipatala cha kuno, anamwino anandimwetulira n'kutseka chitseko, palibe anamululutira. Munandiuza pafoni kuti nthungululu yanu mwaisunga mpaka mudzamuone. Musadikirenso. Mukamaliza kuwerenga, tulukani pabwalo muitulutse. Anthu akathamangira kudzafunsa kuti wabadwa ndani, muwauze kuti Tionge.

Ndine mwana wanu wosasa mawu,
Perpetua.