Thirakitala Yoyenda Chambuyo

Amayi, kaya mwadzuka bwanji kumene muliko?

Ndiyambe ndi zamanyazi musanamve kwa ena, poti aliyense wochoka ku Nangongwe kuno amafika kwanuko ndi nkhani. Loweruka lija ndinaliza thirakitala ija ya malemu Atate, yomwe yakhala pansi pa mango chimwalirire iwo. Amayi a Chigwirizano a kutchalitchi kwanu anali pakhomo kudzationa. Ine ndinakwera ngati bwana wa pafamu, nkuwakwezera dzanja, nkulowetsa giya yoyamba. Thirakitala inapita chambuyo mpaka kukagwetsa khoma la bafa. Mayi Tembo anayambitsa nyimbo msangamsanga kuti asaseke.

Injini yake yakale inafa, mukudziwa, ndipo zipangizo zake sizipezeka ngakhale ku Lusaka. Ndiye ndinachotsa injini ya njinga yanga yamoto, yomwe ndimapitira kukaphunzitsa, ndipo Ba Mulenga owotcherera aja anailumikiza ndi tcheni. Tinayeza zonse bwinobwino. Chomwe tinaiwala ndi kuona kuti injiniyo imazungulira cha mbali iti. Tsopano magiya atatu ndi obwerera m'mbuyo, yopita kutsogolo ndi imodzi, ija ya rivesi. Munkandiuza kuti koleji inandipatsa pakamwa, manja inasunga. Ndavomera.

Zabwino ziliko. Mkazi wanga Tiyanjane wachira, mwana wamkazi, ndipo tamutcha Esitere, dzina lanu. Akalira amakwinya pamphumi ngati inu mukapeza mchere wachuluka m'ndiwo. Chimanga cha chaka chino chinali chochepa, koma mbatata yatisunga. Denga la khichini likudontha pomwe paja.

Tsono nkhani yeniyeni ndi ya mlongo wanu, amalume a Yobe. Anabwera kuchokera ku Katete kudzakambirana za mwala wa pamanda panu. Anati akhala masiku atatu. Uno ndi mwezi wachiwiri, ndipo mpando wanu wayamba kuwazolowera. Chigamulo chawo nchakuti thirakitala igulitsidwe kwa ogula zitsulo zakutha, aja amakazisungunula ku mafakitale, kuti tigule mwala. Iwo ndiye mwini mbumba, ine ndingatsutse bwanji? Ndinangopempha chimodzi: ikalima munda wanu mvula isanagwe, ikhale, mwala udikire zokolola. Anavomera akumwa tiyi, osandiyang'ana nkomwe.

Lachitatu tinapita kumunda pa giya yathu imodziyo. Amayi osenza nkhuni ankatipitirira nkutipatsa moni kawiri. Amalume anayenda pansi, akuti kuti afike msanga. Pulawo inalowa m'nthaka, ndipo mzere woyamba unatuluka wowongoka, dothi lakuda likutembenuka ngati kale. Ndinatsala pang'ono kukuitanani. Koma injini ya njinga imazizira ndi mphepo ya paulendo, ndipo pa liwiro lotere mphepo ichokera kuti? Pa mzere wachiwiri inayamba kununkha. Ndinatsika nkumaikupiza ndi chivundikiro cha ndowa, mphunzitsi wathunthu, thukuta lili kamukamu. Inatsokomola kawiri nkuzima. Ba Mulenga akuti yapsa m'kati, siidzadzukanso. Amalume anangovula chipewa.

Ndiye pano njinga ndilibe, thirakitala ndilibe, ndipo kusukulu ndikupita pa minibasi, ana anga a m'kalasi akundipatsa malo.

Ndikukumbuka mmene munathamangitsira ogula zitsulo aja ndi mthiko m'manja. Munati mwamuna wanu anapita yekha, chitsulo chake sichipita kulikonse. Koma ndinapita kumanda Lamulungu, Amayi. Thabwa lija tinazika pamanda panu layamba kudyedwa ndi chiswe, dzina lanu latsala theka. Anzanu onse a m'mbali mwanu ali ndi miyala. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali kufuna kumva kuti inuyo mukanasankha chiti. Inu amene simunkasowa chonena pa nkhani iliyonse ya m'nyumba muno, tsiku limenelo munangoti zii.

Lole ya ogula zitsulo ibwera mawa. Amalume anyamuka lero m'mawa. Ndinadabwa kuwaona atamanga chikwama, poti ndinkaganiza kuti adikira aone ntchito yawo yatha. Tili pa siteji anandiuza, maso ali kumsewu, kuti Atate anawaphunzitsira kuyendetsa pa thirakitala yomweyo iwo ali mnyamata, ndipo sangathe kuiona ikudulidwa. Basi itafika anakwera osacheuka, nkukhala mbali yomwe sindikanawaona.

Choncho geti nditsegula ndine.

Munda wanu ndiulima ndi khasu, kuyambira pomwe mzere wachiwiri unathera. Zimenezo ndalonjeza, ngakhale ndi manja omwewa.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Gift