Chitenje Chakuda Chikundiphikira Mwana

Amayi, mwana wakhala akupsa kumsana kwanga, ndipo Loweruka akulu anu aNaphiri akubwera kudzandiuza kuti ndipitirize kumuphika.

Pepani, ndayamba popanda moni. Muli bwanji kumeneko? Kaya kuli kamphepo? Kuno ku Kamushanga Okutobala wafika ndi ukali wake wonse, nkhuku zikungoyenda kukamwa kuli yasaa. Mimba munandisiya nayo ija ndinachira mu Ogasiti, mwana wamkazi, Tiyamike. Mphuno ndi yanu, kukalipa ndi kwanunso. Mango anu aja abereka mpaka nthambi kugwira mpanda.

Manje imvani. Titakuikani m'manda mu Juni, aNaphiri analamula kuti ine, mwana wanu woyamba, ndivale zakuda chaka chathunthu: diresi, duku, ngakhale chitenje choberekera mwana akadzabadwa. M'nyengo yozizira zinkandikomera. Koma mwezi uno, ndikangoyenda masana kupita kumsika ku Katondo, Tiyamike amatentha ngati mbatata ya pamoto, thupi lonse totupa, kulira osaleka. Tikakhala pamthunzi amazizira n'kuyamba kuseka.

Nditawaimbira foni aNaphiri anati, “Ndi amako amenewo, akwiya. Chitenjecho chasuluka, gula china chakuda bii.” Ndinagula, amayi! Mwana anatentha kuposa kale. Ndinagwada pakhonde n'kukupepesani za mbale yanu ija ndinaswa ndili sitandade faivi n'kunamizira mphaka.

Lachiwiri ndinathamangira kukiliniki. Anesi anamuyeza malungo, mulibe. Anayang'ana ine, anayang'ana chitenje, n'kuti, “Mayi, mwanayu mukumulera kapena mukumuwotcha?” Anayanika chitenje changa pawindo padzuwa, pambali pake kansalu koyera. Patapita kanthawi anati ndigwire. Choyera chinali chofunda pang'ono chabe. Changa, mayo ine, ngati simbi! Akuti chakuda chimameza kuwala kwa dzuwa n'kukusandutsa kutentha, pomwe choyera chimakubweza. Akutinso khanda likatenthedwa chonchi limatha madzi m'thupi, likhoza kukomoka.

Pamenepo ndinakumbukira beseni lanu lakuda. Munkaliika pabwalo m'mawa, masana madzi afunda, inu n'kumati, “Samba iwe, dzuwa silipempha makala.” Nditathira madzi m'beseni loyera munanditcha chitsiru. Ndiye ine ndasandutsa mdzukulu wanu madzi osamba!

Kuyambira tsiku lomwelo ndikumubereka m'chitenje chanu choyera chamaluwa chija, totupa tayamba kuuma. Koma aNaphiri amva kale, mukudziwa kuti kwawo ku Mukobeko nkhani imafika minibasi isanadzaze. Akuti ndakutayani, ndipo akubwera ndi chitenje chakuda chachitatu. Bambo ake a Tiyamike atangomva, akuti Loweruka ali ndi ntchito. Ine kuyankha akulu anu sindingathe. Ndikuopa kuti akangondiyang'ana ndivomera, mwana n'kubwerera mu uvuni.

Inuyo tinakuvekani bulauzi yoyera ndi duku loyera la kutchalitchi, mukupuma bwino. Bwanji ife?

Chonde amayi, bwerani msanga, Loweruka lisanafike. Osabwera kwa ine, ndingakomoke. Pitani kutulo kwa aNaphiri, muvale zoyera zomwezo, muwakalipire mmene munkachitira muja. Diresi lakuda ndivalabe mpaka Juni, ndikulonjeza, ndipsa ndekha chifukwa ndimakukondani. Koma mwanayu ayi.

Fulumirani amayi, lero ndi Lachinayi.

Ndine wanu,
Esinati