Kachipinda ka Nkhalamba

Lolemba, 9 Malichi

Mvula yowaza chiyambire m'mawa. Pano ndi masana koma mushopu muli kamdima. Makina opeta maluwa angokhala duu, ndawafunditsa nsalu. Chipsereni Nkhalamba, kompyuta yathu yakale ija, sanapeteko ngakhale tsamba limodzi. Laputopu imene achimwene anatumiza ikukana pulogalamu ya makinawa, ikuti pulogalamuyo ndi yakale kwambiri.

Azakhali afika. Amayi awauza ine ndili pomwepo kuti makina akapanda kuyenda pofika Loweruka shopu titseka, ine ndipite nawo ndikalere ana awo. Ndinangoti chabwino. Bedi ndawasiyira, ine pansi.

Lachiwiri, 10 Malichi

A Mawaya, okonza makompyuta khomo loyang'anizana ndi lathu, anapulumutsa disiki ya Nkhalamba. Akuti zonse zilimo, yangosowa thupi.

"Iwe Phee, tabwera. Tiimangira kachipinda m'kati mwa laputopuyi. Kompyuta m'mimba mwa inzake."

Ndimayesa akundiseka. Koma anatseguladi tsamba la mafunso: dzina, memori, mapurosesa angati, disiki iti. Memori akuti ndi tebulo logwirirapo ntchito, mapurosesa ndi manja, disiki ndi kabati. Disiki analumikiza okha, kenako kasitomala anawaitana. "Zotsalazo umange wekha, ine si mmisiri wa nyumba yako."

Tsiku lonse ndimangokaona kachipindako m'maganizo. Zenera loyang'ana kum'mawa, katani yachikasu, kiyi m'thumba mwanga. Mulibe wondifunsa chifukwa chake sindiyankhula. Ndasokera batani mbali yolakwika, amayi aona.

Lachitatu, 11 Malichi

Ndamanga. Pa dzina ndalemba Nkhalamba. Pa memori pali kamuvi kokoka pa mzere, mzerewo umayamba wobiriwira n'kuthera wofiira. Ndakoka mpaka kofiira. Manja onse anayi ndaipatsa. Ndi mlendo, komanso ndi wamkulu, ungamukhazike pa tebulo laling'ono? Pansi panatuluka mawu achizungu, sindinawamvetse.

Nditayatsa, sikirini inauma gwa. Mausi osasuntha, fani kulira ngati laputopu ikufuna kuuluka. Ndinazimitsa, sindinauze munthu.

Lachinayi, 12 Malichi

Azakhali andigulira chikwama cha zipi. Msana ukuwawa.

Lachisanu, 13 Malichi

A Mawaya anabwera kudzabwereka lumo. Anasuzumira pa laputopu n'kuseka mpaka kutsamira khoma.

"Wapatsa mlendo nyumba yonse. Nanga mwini wake agone pati, pansi? Kachipindaka kasenzedwa ndi laputopu, Phee. Iyo ikakomoka, Nkhalamba yako ikomokanso."

Azakhali anali pa benchi akumwa tiyi. Anaika kapu pansi pang'onopang'ono. Ine maso pa zala zanga.

A Mawaya atapita ndinabweza kamuvi kaja mpaka kobiriwira, osafika ndi theka lomwe. Manja awiri kwa mlendo, awiri kwa mwini nyumba. Ndimamva ngati ndikuba.

Nkhalamba inadzuka. M'kazenera kakang'ono pakati pa sikirini munatuluka chithunzi chake chakale cha mitambo, ndi maluwa anga onse, ngakhale aja ndinajambula ndikungophunzira, opindika. Ndinakhala nthawi yaitali ndikungowatsegula limodzilimodzi. Ngati kulowa m'nyumba imene unasamukamo n'kupeza mbale zili pomwe unazisiya.

Koma makina sakumva. Chingwe ndalumikiza, Nkhalamba ikuti palibe makina. A Mawaya anali atatseka kale, mawa satsegula. Amayi apinda zovala zanga.

Loweruka, 14 Malichi

Dzuwa latuluka. Ndinalota kachipinda kaja, katani ikugwedezeka, koma makoma anayi onse opanda khomo. Wina kunja akugogoda ndi singano.

Ndinalawirira kushopu. Ndinazimitsa Nkhalamba n'kutsegulanso masamba a zipangizo zake, ndikuyang'ana zithunzi zokha poti mawu ambiri amandipita. Tsamba lina lili ndi kachizindikiro ka nthambi zitatu, kofanana ndendende ndi kamene kali pa mutu wa chingwe cha makina. M'katimo munali kabokosi kosachonga. Ndinachonga, ndinasankha dzina la makina athu, ndinayatsa.

Singano inakwera, inatsika. Kenako phokoso lija, tiki tiki tiki, limene ndimatopa nalo kale.

Azakhali anafika pakhomo ndi zikwama ziwiri, amayi pambuyo.

"Iwe, basi sidikira munthu," anatero azakhali.

Tsamba loyamba la duwa linali litatha. Amayi analisisita ndi chala.

"Muyende bwino, azakhali," ndinatero. "Ulusi wofiira ukufuna kusintha posachedwa."

Mawu anatuluka okwera kuposa mmene ndimafunira. Chikwama cha zipi chija anachisiya pa benchi, akuti ndiziikamo ulusi.

Ndaleka kulemba Loweruka, 10 koloko m'mawa. Singano yafika pa tsinde.