Bambo Asakwere Ndege ya Lolemba

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino, ndi kuti bondo lija laleka kukuvutani popita kukaona nkhosa. Nanga Bambo, mtima uja ukuwapatsako mpata? Ine m'thupi ndili bwino, tulo ndi timene ndilibe. Masiku ano ndikangotseka maso ndikumaona kadontho kakutuluka pamalo pamene panalibe kanthu. Ndalemba kalata chifukwa foni amayankha ndi Bambo, ndipo ndikamva mawu awo zonse zimene ndinakonza kunena zimandithawa.

Mukudziwa kuti pabwalo la ndege pano ndine wothandizira chabe. Ndimakhala pambali pa a Galbraith, amene amalondolera ndege, ine n'kumayankha mafoni ndi kuwapatsira za nyengo. Komabe galasi la rada, loonetsa ndege zili m'mwamba ngati timadontho, ndimaliona tsiku lonse.

Paphiri la kumadzulo kwa bwalo anaimikapo makina amphepo opangira magetsi. Mapiko ake akamazungulira, rada imawayesa ndege. Chaka chatha pamwamba pa phiripo pankangodzaza timadontho, kuoneka uku, kuzimirira, kuonekeranso uko, ndege zoti kulibe. A Galbraith ankati imeneyo ndi mizukwa yanga, poti ati ife a kuchilumba cha Lewis timaona zimene anthu a kumtunda kuno saziona. Mphepo ikakula ankandigunda ndi chigongono, ati achibale anga adzuka, ndiwapatse moni. Ndinkaseka nawo, ngakhale mumtima sindinkazikonda.

Kenako akuluakulu anapeza njira. Anaitchera rada kuti pamwamba pa phiripo isamayang'anepo, kufikira itabwera yatsopano yotha kusiyanitsa phiko la makina ndi ndege. Mizukwa inatha, koma pamalo pake panatsala chibowo. Ndege zonyamula anthu zimaonekabe, chifukwa zili ndi kachipangizo kodzitchulira dzina, ndipo lamulo likuti aliyense wodutsa pamenepo akayatse. Amene sanayatse, akalowa m'chibowomo, kwa ife ndiye kuti kulibe.

Lachisanu lapitali masana, kuli mvula yowaza, ndege ya kwathu ija inkatsika kudzera paphiripo. Ndili chiyang'anire, m'mphepete mwa chibowo munatuluka kadontho kopanda dzina, pafupi nayo kwambiri. Kanali kandege ka munthu wongouluka zokonda, atasochera m'mitambo, kachipangizo kake osayatsa. A Galbraith analankhula ndi woyendetsa ndege yathu ndi mawu awo a masiku onse, iye anakhota, zinapitirirana. Palibe anavulala. M'ndege yathuyo munali mayi Peigi oyandikana ndi tchalitchi aja, ndipo titaonana potuluka anangodandaula kuti tiyi anawapatsa wozizira.

Koma a Galbraith anaika kapu yawo pansi. Anandiyang'ana n'kunena motsitsa mawu, "Uja sanali m'bale wako, Kenina. Uja anali wamoyo."

Amayi, imeneyo ndi ndege yomweyo imene Bambo akufuna kukwera Lolemba lija pobwera kuno kuchipatala. Ndikudziwa chimene anaisankhira. Ndi sabata ya Mgonero, Lamulungu m'mawa ndi iwo oyambitsa masalimo, choncho sitima ya pamadzi ya Loweruka sangaikwere. Yatsala imodzi, ya Lamulungu madzulo. Pempho langa ndi lakuti muwachonderere akwere imeneyo. Ine ndidzawadikira padoko ndi galimoto, adzagona kwanga, kuchipatala tidzapitira limodzi.

Ndikudziwa chimene ndikupempha. Sitima ya pa Sabata, ya Lamulunguyo, itangoyamba kuyenda, Bambo anakaima padoko ndi akulu ampingo anzawo kuikana, ine ndili pambali pawo ndi chikhoti cha buluu chija munandisokera. Kufikira lero sindiyanika zovala pa tsiku la Ambuye, ngakhale kuno anzanga a m'nyumba amandiseka, ati malaya anga ndi opemphera kuposa abusa. Ndiye mwana yemweyo lero akuuza mkulu wa mpingo kuti achoke pagome la Mgonero n'kukakwera sitima. Ndikulemba chonchi manyazi andigwira.

Ndisakubisireni kanthu. A Galbraith akuti ndikungodzizunza. Ati chichitikireni zija ndege akuzilambalalitsa patali ndi phirilo, rada yatsopano ayamba kale kuiyesa, ndipo mwezi wamawa chibowo chitsekedwa. Ati Bambo angakhale pangozi yaikulu m'galimoto yanga, poona mmene ndimakhotera pachipata. Mwina akunena zoona. Ndapemphera, ndipo ndikuona ndekha kuti chikhulupiriro changa chachepa. Ndimanena kuti Mulungu amaona ponseponse, koma mtima wanga ukukhulupirira galasi, ndipo pamene galasi silikuona ukuyesa ngati Iyenso saonapo. Mundipempherere pa chimenechi. Koma ngakhale ndavomereza chomwecho, ndikayang'ana pamalo pakuda paja ndikumaganizabe za ndege ya Lolemba.

Zina kuno zili bwino. Chipinda changa chikuchitabe chinyezi, mwininyumba akungolonjeza. Nsomba zamchere munatumiza zija ndinadya ndi mbatatesi, fungo lake linathamangitsa nyumba yonse.

Mupereke moni kwa azakhali a Dolina, kwa achimwene a Tormod ndi alamu anga, ndi kwa ana onse. Bambo musawapatse kalatayi kuti awerenge okha. Muwauze inuyo, mukudziwa nthawi imene amamva.

Chonde mundiyankhe lisanafike Lachinayi, chifukwa mapemphero a Mgonero akayamba sadzalolanso kukamba za ulendo. Mundiimbire foni Bambo akapita kubusa. Akakana, ndipo ndikuganiza kuti akana, musandinyengerere, mungondiuza. Ndidzapempha kuti Lolembalo ndidzakhale pampando wanga, ndidzawaperekeze ndi maso kufikira atadutsa phirilo. Mudzandiuzenso salimo limene adzayambitse Lamulungu, kuti ndidzakhale ndi choimba chamumtima pamene akudutsa.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Kenina