Galimoto ya Dzulo Ija Inali Yanga

Amake Shakila,

Pepani, ndanyamuka musanadzuke, usipa akuudikira ku Namwera. Ndibwera Lachinayi, inshallah.

Galimoto imene inakuimirani dzulo madzulo pa Nkopola, mukuchokera kuntchito, inali yanga. Ndinachotsa mababu achikasu aja mumati akuwala ngati koloboyi, n'kuika oyera, chifukwa mlungu watha ndinatsala pang'ono kugunda munthu wa njinga ku Lungwena. Sindinakuuzeni. Tingauzane nthawi yanji, poti inu mukamalowa ine ndimakhala ndikutuluka?

Magetsi atakuthobwani m'maso munadziphimba ndi mpango, n'kukhotera kanjira kakumbali. Nditaliza hutala munawonjezera liwiro. Munachita bwino, mkazi wa mwini sakwera galimoto yachilendo. Ndinaseka ndithu, koma ndinakafika kokapakira nsomba ndikungoyang'ana mpando wanu uli wopanda munthu. Pobwera ndinakupezani mutagona.

Lachinayi ndidzaima pomwe paja, ndidzaphethiritsa magetsi katatu. Chonde musadzathawe.

Mababu akalewo ali pawindo, musataye. Msewu ndikuuona bwino tsopano, ndi maenje omwe. Koma mukadzandithawanso ndidzabwezeretsa akalewo. Bola ndiziyenda pang'onopang'ono, inu muzindidziwira patali.

Ndine,
Bambo a Shakila