Kanyemba ka M'khutu mwa Harlan

Lolemba, 4 Malichi

Mvula chiyambire dzulo. Denga la kukhitchini likudonthanso, pamalo omwe aja. Ndaikapo poto.

Mort waimba foni. Mort yemwe uja, wopezera mwamuna wanga Harlan ntchito chiyambire tisanakwatirane, amene chaka chatha chonse anachita ngati nambala yathu inapsa ndi moto wa kumapiri. Akuti pali filimu. Osati zongodutsa pakamera n'kuwomberedwa ayi. Gawo lalikulu: nkhalamba yoyendetsa basi imene mkazi wake akudwala. "Corinne, mwamuna wakoyo wakhala akufa m'mafilimu moyo wake wonse. Ulendo uno akufa ndi wina!" Anaseka yekha mpaka kutsokomola.

Sananame. Harlan amuwombera, amuponya pasitima, amumiza, amutentha m'galimoto. Hollywood inamuona nkhope ya chigawenga ali mnyamata, basi sinamuonenso china. Mumsewu anthu amadziwa nkhopeyo, dzina ayi. "Si inu munafa muja?"

Mort sakudziwa. Odziwa ndi dokotala wathu, mwana wathu Paige, ndi ine. Chiyambire Khirisimasi Harlan sananditchule dzina. Amandiitana "mayi", mwaulemu, ngati wandipeza kubanki. Nyumba imodzi, bedi limodzi mpaka imvi, lero ndine mayi.

Ndinamuuza za filimuyo akudya. Anaika supuni pansi, nakhala tsonga. "Lumo langa lili kuti? Sindingapite chonchi." Maso ake aja. Ndinali nditawaiwala.

Ndavomera. Si za denga ayi. Ngati kungomva za kamera kwamudzutsa chonchi, mwina kamera yeniyeniyo ingandibwezere munthu wanga. Ndikungofuna anditchule.

Lachinayi, 7 Malichi

Kwa dokotala wa inshuwalansi. Popanda iye kusayina palibe angajambule nkhalamba. Akangoona kuti ukuiwalaiwala, gawo amapatsa wina tsiku lomwelo. Ndinamuveka jekete la buluu, ndinamudzoza mafuta onunkhira.

Analowa ngati ofesiyo ndi yake. Dokotalayo, bambo wadazi, anamuzindikira nthawi yomweyo, akuti ali mwana ankakana kugona yekha chifukwa cha iye. Kenako anafunsa kuti lero ndi tsiku lanji. Koma Harlan: "Adokotala, anthu a ntchito yathu timadziwa masiku awiri okha, lojambula ndi lolandira cheke." Onse chikhakhali. Funso linafera pomwepo. Mtima bwino, magazi bwino. Wasayina.

M'galimoto: "Bambo aja amafuna chiyani?" Kenako, "Ndachita bwino?" Ndinati wachita bwino kwambiri.

Tinaima pangodya kugula ma taco, tizakudya ta ku Mexico tija. Anadya ake ndi anga omwe.

Paige waimba kuchokera ku Portland, wapsa mtima. "Amayi, mukawachititsa manyazi bambo pagulu. Mukuchitira iwo kapena inuyo?" Ndinati poto wadzaza, ndikataye madzi. Mvula inali italeka kale.

Lolemba, 11 Malichi

Tsiku loyamba. Loipa.

Situdiyo ya kuchigwa, yozizira ngati nthawi zonse, khofi woipa ngati nthawi zonse. Wotsogolera filimu ndi Mateo, wamng'ono kwa Paige, wandevu, wolankhula ndi manja. Anamulandira bwino. "A Dacey, bambo anga ankakukondani zedi. Mukamafa ankawomba m'manja."

Thupi likukumbukira zonse. Katepi komata pansi kosonyeza poima amakapondapo osayang'ana. Amadziwa kumene kuwala kukuchokera, amadziwa tsaya lake labwino. Koma mawu, zii. Chiganizo choyamba chenichenicho. Kamera ikujambula, anthu onse duu, Harlan kukamwa yasa, akuyang'ana Bettina amene akusewera mkazi wake. Anabwereza. Anabwerezanso. Thukuta kusungunula zodzola kumaso. Ine kuseri kwa zingwe ndikupemphera kuti magetsi athime.

Pankhomaliro Mateo ananditengera pambali. Mumtima ndinati basi, atithamangitsa. Koma ayi. "Mayi Dacey, musadandaule, akuluakulu ambiri akutero masiku ano, enatu ndi ulesi chabe." Kachipangizo ka m'khutu, kochepa ngati nyemba, kamera sikaona. Wina amakhala kuseri ndi maikolofoni n'kumawerenga mawu, wosewera amamva n'kumanena. Mateo akuyesa ndi ukalamba wamba. Sindinamukonze.

Ndinati ndiziwerenga ndine. Nanga si inali ntchito yanga kale? Ndi mmene tinakumanirana: ine pampando ndi buku la mawu a filimu pamiyendo, iye ali gone pansi m'magazi abodza, diso limodzi lotsegula, kundifunsa ngati ndili ndi kokadya madzulo.

Lachitatu, 13 Malichi

Zatheka!

Otis, wojambula mawu, bambo wachete, wandiuza malamulo ake. Uwerenge mouma, osaikamo mtima, uzikhala patsogolo ndi theka la chiganizo. Ukaikamo mtima wosewera amatengera wakowo, ndiye sakusewera iye. Batani lofiira: ukadina akumva, ukasiya sakumva. Ndiye ndikuwerenga ngati wolengeza mabasi.

Mawu akuchoka kwa ine ouma, akutuluka m'kamwa mwake amoyo. Onyamula magetsi aja, amene saonera kanthu poti anaona zonse, lero anasiya mafoni awo n'kumayang'ana. Ndinanyada, ndisabise. Zaka zonsezi akumupatsa mfuti, pomwe munthuyu amatha kugwira kapu ya tiyi anthu n'kumva chisoni.

M'filimumo Bettina ndi Nora. "Nora wanga." Ndine ndimamupatsa mawuwo. Kunong'oneza mwamuna wako za chikondi kuti akauze mkazi wina, ndi imvi zake zogula zija. Nsanje pamsinkhu uno! Ndadziseka ndekha.

Pobwerera magalimoto atathithikana mumsewu waukulu. Iye akuimba mluzu. Anaika dzanja pabondo langa. Sindinasinthe msewu, sindinalankhule, kuopa kuti angalichotse.

Lachiwiri, 19 Malichi

Otopa tonse awiri. Kudzuka kusanache, kumumeta, mankhwala, msewu. Msana ukundipweteka ndi kampando ka kuseri kaja.

Mort anabwera ndi madonati, wanunkhiza kale mphoto. "Ndinakuuza ine! Sindinakuuze?" Sanandiuze kanthu. Akuti tigule suti yatsopano mitengo isanakwere. Suti!

Kusitudiyo ndi Harlan weniweni, kapena ndi mmene zikuonekera. Amaseka ndi mayi wodzola anthu kumaso, amafotokoza za hatchi imene inamuluma ku Arizona. Nkhani yomweyo, kwa anthu omwewo, m'mawa ndi masana. Osewera onse amabwereza nkhani zawo, ndiye palibe akudabwa.

Kunyumba ndikangochotsa kanyemba kaja amazima. Pampando wake, maso pamtengo wa mandimu. Lero ndikumuvula nsapato: "Zikomo kwambiri, mayi. Kodi mumakhala kutali? Musachedwe, amuna anu angade nkhawa."

Ndinati sada nkhawa. Ndinakalirira kubafa, mpopi nditatsegula.

Mwina zimatenga nthawi. Dokotala wathu sanalonjeze kanthu, ndikudziwa.

Lachisanu, 22 Malichi

Izi ndilemba ndithu.

Lero chipinda cha chipatala, chomanga ndi mapulanga. Nora ali chikomokere pabedi. Mwamuna wake azimupesa tsitsi, amuuze pang'ono za basi yake, kenako chete wautali. Ndinawerenga bwinobwino, mouma. Unafika chete uja. Pakakanema kanga koonerapo zimene kamera ikujambula ndikuona dzanja lake likupesa Bettina pang'onopang'ono, kuyambira kunsonga, mmene ankandipesera ine nditachitidwa opaleshoni. Chala ndinachiiwala pabatani.

Sindinadziwe n'komwe kuti ndalankhula. "Ndatopa ine. Bwerera, chonde. Ndili ndekha m'nyumba muja."

Iye ananena. Liwu ndi liwu, mawu akunjenjemera, chipeso chili m'manja. Bettina, woyenera kukhala chikomokere, misozi kutuluka m'maso otseka. Mateo anaiwala kunena kuti dulani, liwu loimitsa kamera lija. Atakumbukira, anthu onse m'manja. Mateo anathamanga kukamukumbatira Harlan. "Zimenezi mwazitenga kuti, achikulire? M'bukutu mulibe izi! Sitibwereza, ndi zomwezi!" Akuti ndiko kukhwima pantchito, munthu kupeka mawu pomwepo kuchokera mumtima. Wina anaimbira Mort.

Harlan anangomwetulira. "Zimangobwera."

Otis yekha ndiye anamva zonse m'makutu mwake. Sanandiyang'ane, anangopitiriza kukulunga chingwe.

Ndimayesa kuti akamalankhula pakamera ndiye kuti wabwerera. Ayi. Chilichonse cholowa m'khutu chikutulukira pakamwa, chokongola. Ndikanati mafuta a galimoto akwera mtengo, anthu akanaliranso. Ndinamudandaulira m'khutu mwake mwenimweni, iye sanamve kuti ndikuuza iye. Anatenga kulira kwanga n'kukapatsa Nora.

Sindinadye. Iye wadya bwino.

Loweruka, 30 Malichi

Yatha dzulo. Monga mwa mwambo, analengeza mokweza kuti a Harlan Dacey amaliza gawo lawo, onse kuimirira, m'manja nthawi yaitali. Anawerama. Anakongola, ndisaname. Keke, shampeni m'makapu apepala. Bettina anandikumbatira. "Uli ndi mwayi iwe. Ngati amandiyang'ana ine chonchija, nanga iwe kunyumba?"

Filimu yapulumuka. Palibe wadziwa, palibe wachita manyazi, Paige angopepesa. Denga tikonza. Ndiyenera kukondwa.

Lero wadzuka m'mamawa, wavala jekete la buluu pamwamba pa zogonera, kukaima pakhomo kudikira galimoto. Ndinamuuza kuti filimu yatha. Anavula. Patapita kanthawi wavalanso.

Kanyemba kaja ndi maikolofoni yake zili kuno. Otis anandiikira m'chikwama. "Mudzabweza mukapeza mpata, mayi, sitikuzifuna msanga." Sindinapemphe. Ndazibisa m'kabati ya matawulo. Ndikudziwa chimene ndikuganiza, ndipo sindichita.

Lachiwiri, 9 Epulo

Wasiya kudikira galimoto.

Lero lonse mawu ake ndi "zikomo" basi. Dzulo foloko inamusokoneza, anangoiyang'ana.

Dokotala wathu akuti tsopano zikuthamanga, mawu otsalawa athanso posachedwa. Anatchula za nyumba yosamalira odwala. Ndinayang'ana pansi.

Matawulo ndikutenga a m'chipinda cha Paige, kuti ndisatsegule kabati ija.

Lamlungu, 14 Epulo

Ndachita.

Masana, atadya. Dzuwa likulowera pazenera la kukhitchini. Ndinamupesa, n'kumuika kanyemba m'khutu. Msana unawongoka wokha, chibwano m'mwamba, nkhope kutembenukira kowala. Ndinaima pasinki nditamufulatira, ndinanong'oneza mouma monga mwa lamulo, n'kutembenuka msanga.

"Corinne." Anandiyang'ana m'maso. "Corinne wanga. Ndakusowa."

Ndimadziwa. Maikolofoni inali m'dzanja langa, ndimadziwa bwinobwino. Koma anatchula mmene ankatchulira kale, kukoka kumapeto kuja ngati akufunsa, ndipo zimenezo sindinamupatse ndine. Ndinagwada pambali pa mpando wake, mutu pachifuwa chake, iye akundisisita tsitsi. Ndinalira mokweza, osatsegula mpopi. Mumtima ndinati wabwera, wabwera.

Anadikira mpaka ndinatonthola. Sanasunthe, anandigwira mmene anandigwirira. Kenako anayang'ana pamwamba pa mutu wanga, cha kufiriji, nafunsa motsitsa: "Tadula kodi?" Atatero anandiweramira, mokoma mtima kwambiri. "Mwachita bwino zedi, mayi. Tibwereze?"

Ndinati inde, tibwereze.