Chifukwa Chiyani Chiradzulu?

Lachinayi, mwezi wa Seputembala. Kwachita fumbi tsiku lonse, ndipo mtima wanga suli m'malo.

Bambo a Chisomo ayambanso nkhani yosamuka kuno ku Nkhulambe. Poyamba ankati tisankhe pakati pa Thondwe ndi Chiradzulu, malo a m'tsinde mwa phiri koma pafupi ndi tawuni, kuti ntchito yawo yokonza njinga iyende. Lero angokakamira Chiradzulu.

"Limbe ndi pafupi, mayi a Chisomo. Masipeya ndizikagula m'mawa, masana ndabwerako."

Ndinawafunsa ngati anakhalako ku Chiradzuluko. Akuti amangodutsa pa basi. Nanga munthu wongodutsa wadziwa bwanji kuti mjigo wa kuseri kwa msika uli ndi madzi amchere?

Masana mlongo wawo, a Esitere, anabwera kudzandithandiza kupuntha nandolo. Nditangoitchula nkhaniyi anati, "Zikhala bwino, mwana uja aziwaona bambo ake pafupipafupi."

"Mwana uti, alamu?"

Anayamba kutsokomola, akuti fumbi la nandolo lawatsamwa. Anachoka asanamwe thobwa lomwe ndinawapatsa.

Kuno munda ndi wa amayi anga, nyumba ili pamalo pathu, ndipo bambowa akalakwa amalume amawaitana. Uko ndikakhala mlendo wopanda wondiyankhulira.

Madzulo ano sindinawafunse kanthu. Ndangoti Loweruka tipite limodzi ndikaone malowo. Anasiya kutafuna chinangwa.

"Loweruka lomweli? Msewu wake ndi woipa, mungatope. Tidikire kaye."

Ndavomera kuti tidikira. Koma mawa akangopita kumsika ndi zipangizo zawo, ine ndikwera matola ndekha.